Mukufuna kuphunzira zoology ku yunivesite? Nazi zoti mudziwe musanalembetse komanso mukayamba

Anthu ambiri akamva za zoology, maphunziro a za nyama, amangoganiza za mikango, njovu ndi anyani, munthu wavala khaki ali pa galimoto pakati pa tchire kamera ili pakhosi. Zimenezo zilipo ndithu koma ndi kachigawo kakang'ono zedi ka zomwe mukaphunzire. Digiri ya zoology ndi ya sayansi, ndipo chomwe imakuphunzitsani kwenikweni ndi kufunsa funso lokhudza nyama, kupeza njira yoliyankhira, kuwerenga, kuyeza, kenako kulemba zomwe mwapeza mwakuti munthu wina atha kubwereza n'kuona ngati mukunena zoona. Kukonda nyama ndi poyambira pabwino, inde, tsiku lomwe mwatopa ndi manotsi a kemisitile chikondi chimenecho ndi chomwe chimakubwezani pa desiki, koma pachokha sichingakupatseni digiri.

Tiyambe ndi kusankha kosi. Musakopeke ndi chithunzi cha kambuku chomwe aika pa tsamba la yunivesite, tsegulani mndandanda wa maphunziro a chaka chilichonse muwerenge limodzilimodzi. Mayunivesite ena ali ndi digiri yolembedwa Zoology, ena amakulowetsani mu Biological Sciences nde mumasankha za nyama mukafika chaka chachiwiri kapena chachitatu, enanso amaitcha Animal Biology kapena amaiphatikiza ndi za kasamalidwe ka chilengedwe. Dzina lisakusokonezeni, onani zamkati. Kutalika kwake kumasiyananso, ku England nthawi zambiri ndi zaka 3, ku Scotland ndi ku America zaka 4. Pafupifupi kulikonse adzafuna kuti munakhoza bwino bayoloje ku sekondale, ambiri amafunanso kemisitile ndi masamu, nde ngati mudakali ku sekondale musamataye maphunziro awiriwa poganiza kuti a nyama safuna masamu. Amafuna kwambiri. China, zoology si udokotala wa ziweto ayi, umenewo ndi digiri ina yokhala ndi malamulo ake olowera, ndipo mukamaliza zoology simuloledwa kuchiza galu wa munthu. Ngati maloto anu ndi amenewo yang'anani kosi yake mwachindunji.

Mukapeza mwayi wolankhula ndi wophunzira amene ali kale pa kosiyo mufunseni zinthu zenizeni. Kodi amapita kutchire kapena kumadzi kukaphunzira, kapena zonse zimathera mkalasi? Ulendowo amalipira ndani? Mu labu munthu aliyense amagwira maikulosikopu kapena amaunjikana anthu asanu ndi mmodzi pa imodzi? Chaka chomaliza pali pulojekiti yakeyake ya munthu? Mayankho a mafunso amenewa amanena zambiri kuposa kutchuka kwa sukuluyo.

Chaka choyamba chimakhumudwitsa anthu ambiri chifukwa nyama zimaoneka mwa apo ndi apo. Mumakhala mu holo yaikulu limodzi ndi a biochemistry, a za zomera, nthawi zina ndi ofuna zachipatala, mukuphunzira za maselo, mapuloteni, DNA, kemisitile ndi masamu. Apa mpomwe ena amayamba kujomba nkumati izi si zomwe ndinabwerera. Musatero chonde, chifukwa nkhani zokoma kwambiri za nyama zili mmenemo. Pali atsekwe ena otchedwa bar-headed goose omwe amauluka kudutsa mapiri a Himalaya komwe mpweya ndi wochepa kwambiri, ndipo chimodzi mwa zomwe zimawathandiza ndi choti hemoglobin yawo, puloteni ya mmagazi yonyamula okosijeni, imagwira okosijeniyo mwamphamvu kuposa ya atsekwe a kumalo otsika. Kunyanja yozizira ya Antarctica kuli nsomba zotchedwa icefish zomwe magazi ake alibe hemoglobin nkomwe, ndi oyera, ndipo nsomba zambiri za kumeneko zili ndi mapuloteni oletsa magazi kuuma ndi kuzizira. Munthu amene anagona pa lekicha ya mapuloteni sangafotokoze chilichonse mwa izi, amangoti zodabwitsa basi. Nde mukamaphunzira chinthu chooneka chouma, dzifunseni kuti ichi chimagwira ntchito bwanji mthupi la nyama yomwe ndimaidziwa, mukalumikiza choncho sichimachoka mmutu msanga.

Kenako kumabwera kosi ya mitundu ya nyama, yomwe kwa ine ndi mtima wa digiri yonse. Apa mudzadabwa kuona kuti nyama zokhala ndi fupa la msana, kutanthauza nsomba, achule, zokwawa, mbalame ndi zoyamwitsa zonse pamodzi, sizifika ndi 5 peresenti yomwe ya mitundu ya nyama yodziwika. Zotsalazo ndi zopanda msana, nyongolotsi, nkhono, nkhanu, akangaude, tizilombo ta miyendo isanu ndi umodzi ndi zina zambiri zomwe simunazimvepo. Tizilombo ta miyendo isanu ndi umodzi tokha tomwe tinapatsidwa kale mayina tilipo mitundu pafupifupi 1 miliyoni, ndipo mwa iti zikumbu zokha zikuyandikira 400,000. Magulu akuluakulu a nyama, omwe mkalasi muziwatcha ma phylum, alipo opitirira 30. Mukafuna kuloweza zonsezi ngati ndakatulo mudzalira sabata ya mayeso. Njira yake ndi kuphunzira kapangidwe ka thupi. Pa gulu lililonse funsani mafunso omwewomwewo: thupi lake mbali ya kumanja ndi kumanzere zikufanana kapena ndi lozungulira, lili ndi mphako mkati kapena ayi, matumbo ali ndi khomo limodzi kapena awiri, imapuma bwanji, imataya bwanji zoipa, imabereka bwanji. Jambulani mtengo wa ubale wa magulu onse pa pepala lalikulu muupachike pomwe mumagona, ndipo chilichonse chatsopano muzichilemba pa nthambi yake. Zili ngati kudziwa abale pa mtundu, ukadziwa kuti uyu ndi mwana wa uje mayina sakuvutanso.

Mtengo umenewu uli ndi zodabwitsa zake. Ng'ona ili pafupi ndi mbalame kuposa mmene iliri ndi buluzi. Anangumi abale awo apafupi omwe ali moyo lero ndi mvuu. Starfish, nyama ya mnyanja yooneka ngati nyenyezi, ili kumbali imodzi ndi ife a msana, kusiyana ndi njuchi kapena nkhanu. Zotere zikamatuluka pa mayeso samafuna kuti mungonena ayi, amafuna munene umboni wake, mafupa, kakulidwe ka mwana asanabadwe, zotsalira zakale za mmiyala, DNA.

Mayina achilatini musawaope. Dongosolo la mayina awiri linakhazikika ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, ndipo kwa nyama mayina ovomerezeka amayambira kuwerengedwa mu 1758. Lamulo ndi losavuta koma ophunzira amataya nalo malikisi chaka ndi chaka: dzina loyamba limayamba ndi chilembo chachikulu, lachiwiri chaching'ono, pa kompyuta mumalipendeketsa, polemba pamanja mumadula mzere kunsi. Panthera leo ndi mkango, Apis mellifera ndi njuchi ya uchi, Anopheles gambiae ndi udzudzu umodzi mwa womwe umafalitsa malungo. Muziwatchula mokweza ngakhale muli nokha, lilime likazolowera mutu nawo umazolowera.

Chomwe chimamanga zonsezi pamodzi ndi evolution, kusintha kwa zamoyo mibadwomibadwo. Charles Darwin ndi Alfred Russel Wallace maganizo awo anawerengedwa limodzi ku London mu 1858, ndipo buku la Darwin linatuluka mu 1859, koma musaganize kuti nkhaniyi inathera pamenepo. Peter ndi Rosemary Grant anayamba mu 1973 kuyeza milomo ya timbalame pa kachilumba ka Daphne Major ku Galapagos, chaka ndi chaka, ndipo chilala cha mu 1977 chitapha mbalame zambiri zinatsala makamaka za milomo ikuluikulu zomwe zimatha kuswa njere zolimba, ana awo nawonso anabadwa ndi milomo yokulirapo. Ndimaikonda nkhaniyi chifukwa ikuonetsa zoology mmene ilili, anthu awiri, choyezera, kope, ndi kupirira kwa zaka zambiri. Ena amabwera ndi nkhawa chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Alipo anthu opemphera ambiri omwe anaphunzira izi ndipo akugwira ntchito imeneyi, chomwe kosi ikufuna kwa inu ndi kumvetsa umboni ndi kutha kuufotokoza molondola, nde musaithawe, mukaithawa maphunziro ena onse amakhala zidutswa zosalumikizana.

Za mu labu tsopano. Werengani pepala la pulakitiko musanalowe, osati muli kale pa benchi, chifukwa maola atatu amatha msanga. Maikulosikopu muziyamba ndi lenzi yaing'ono nthawi zonse, mupeze chinthucho, kenako mukweze, mukayamba ndi yaikulu muthyola silaidi ndipo simuona kanthu. Kujambula kumakhala ndi pensulo yosongoka, mizere yoyera yosabwerezabwereza, osapaka mithunzi, mizere yolozera isadutsane, ndipo nthawi zonse lembani kuti mwakuza kangati kapena ikani kamzere ka muyeso. Jambulani chomwe mukuona, osati chomwe chili mbuku. Aphunzitsi amadziwa pompo ngati mwakopera, komanso cholinga cha kujambulako si luso la zojambula ayi, ndi kukukakamizani kuyang'anitsitsa, munthu ukamajambula mwendo wa chiwala mpomwe umazindikira kuti uli ndi zigawo zingati.

Kutumbula nyama kulipo mmakosi ambiri, kawirikawiri nyongolotsi, chiwala kapena mphemvu, nsomba, nthawi zina chule kapena khoswe. Ngati zimakuvutani mumtima kapena mmimba nenani msanga kwa oyang'anira kosi, masukulu ena ali ndi njira zina monga zitsanzo zopangidwa kale ndi mapulogalamu a pa kompyuta. Mukamatumbula dulani pang'onopang'ono nsonga ya sizasi italoza mmwamba kuti musaboole zamkati, ndipo muzigwiritsa ntchito kwambiri zida zosathwa kusuntha ziwalo kusiyana ndi kudula. Nyama imeneyo yafa kuti inu muphunzire, kuseweretsa kapena kujambula nayo zithunzi zoseketsa ndi khalidwe loipa basi. Mudzaphunziranso mfundo zitatu zomwe Russell ndi Burch anatulutsa mu 1959, zoti pomwe zingatheke gwiritsani ntchito njira ina mmalo mwa nyama, chepetsani chiwerengero cha nyama, ndipo konzani njira zanu kuti nyama isavutike. Makomiti oona za kafukufuku amayendera zomwezi mpaka lero. Formalin, yomwe amasungiramo nyama zakufa, ndi mankhwala oopsa, magolovesi, magalasi ndi malo opita mpweya si zokongoletsa.

Tsopano ndikhazikike pa chinthu chomwe ambiri amachizemba, sitatisitiki. Nyama sizifanana, achule awiri a mtundu umodzi sakhala olemera chimodzimodzi, nde mukapeza kuti achule a dziwe ili ndi olemerako kuposa a dziwe lija funso ndi lakuti kusiyanaku nkwenikweni kapena mwangogwira achule onenepa mwamwayi. Sitatisitiki ndiyo njira yoyankhira funso limenelo, palibenso ina. Mudzakumana nayo msanga mu pulakitiko ya jenetiki, mukamakweretsa ntchentche za zipatso, Drosophila melanogaster, zomwe Thomas Hunt Morgan anapezapo yamphongo ya maso oyera mu 1910 n'kutsegula nayo njira yomvetsa mmene zinthu zimatengedwera kuchokera kwa makolo. Mudzawerenga ana a maso ofiira ndi a maso oyera n'kuyesa ndi njira ya sitatisitiki yotchedwa chi-square ngati akugwirizana ndi zomwe mumayembekezera. Kenako mudzaphunzira njira zina monga t-test, ANOVA ndi regression. Musaloweze mafomula okha, pa njira iliyonse dziwani kuti imayankha funso lanji ndipo imafuna deta yotani.

Nachi chitsanzo chomwe chimaonetsa kukoma kwake. Mukufuna kudziwa kuti pamalo pali nkhono zingati koma simungaziwerenge zonse. Tsiku loyamba mwagwira 40, mwazipaka kadontho ka penti pa chigoba, mwazibweza. Patapita masiku mwagwiranso 50, ndipo mwa izo 10 zili ndi kadontho. Ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo asanu a nkhono zonse ndi lopakidwa, choncho 40 kuchulukitsa ndi 50 kugawa ndi 10, nkhono zilipo pafupifupi 200. Njirayi imatchedwa Lincoln-Petersen. Masamu ake mwana wa pulayimale atha, koma wophunzira wabwino amaonekera pa mafunso otsatira: nanga ngati penti yafufutika, nanga ngati kadonthoko kapangitsa kuti mbalame zizione msanga n'kuzidya, nanga ngati zina zasamuka kapena zaswa pakati pa masiku awiriwo, nanga zopakidwazo zinasakanikiranadi ndi zinzake? Mafunso amenewa ndiwo amabweretsa malikisi apamwamba mu lipoti.

Cholakwika china chomwe chimagwetsa mapulojekiti ambiri ndi kuwerenga chinthu chimodzi ngati zambiri. Mwaika nsomba 20 mthanki yofunda ndi 20 mthanki yozizira, nde mukuti ndili ndi zitsanzo 40. Ayi, muli ndi mathanki awiri, ndipo kusiyana kulikonse kutha kukhala kochokera ku thankiyo, mwina ina ili pafupi ndi zenera kapena pampu yake ndi yofooka. Amazitcha pseudoreplication, ndipo mankhwala ake ndi kuganiza za mmene mudzasanthulire deta musanayambe kutolera, osati mutamaliza. Phunzirani R msanga, ndi pulogalamu yaulere ndipo ndi yomwe akatswiri ambiri a zamoyo amagwiritsa ntchito. Masabata oyamba imakwiyitsa, kachizindikiro kamodzi kakasowa zonse zimakana, koma pitirizani pang'onopang'ono, theka la ola masiku angapo pa sabata ndi bwino kuposa usiku umodzi wathunthu. Deta yanu muziilemba mwaukhondo, mzere umodzi chinthu chimodzi chomwe mwayeza, osasakaniza mawu ndi manambala mkabokosi kamodzi, ndipo sungani malo awiri kapena atatu chifukwa laputopu imafa osatsanzika.

Kutchire ndi komwe ambiri amayembekezera, ndipo nkokoma zoona, koma konzekerani kudzuka kusanache, kunyowa, kulumidwa ndi tizilombo ndi kukhala maola ambiri osaona kanthu. Chida chachikulu si kamera, ndi kope ndi pensulo, inki imasungunuka ikanyowa. Pa tsamba lililonse lembani tsiku, nthawi, malo enieni ndi GPS ngati ilipo, nyengo, amene munali naye ndi njira yomwe munagwiritsa ntchito. Lembani nthawi yomweyo, musamati ndikalemba madzulo, pofika madzulo mutu umakhala utasakaniza kale. Ndipo mukayenda mzere wonse womwe munakonza kuti muwerengeremo nyama, womwe amautcha transect, osaona nyama yomwe mumafuna lembani ziro, ziro ameneyo ndi deta, kusalemba kanthu ndi kunena kuti simunapiteko. Mukatola tizilombo toti musunge, ambiri amasungidwa mu ethanol wa 70 peresenti, koma ngati mudzafune DNA pamafunika wamphamvu, wa 95 kapena kuposa. Kapepala ka malo ndi tsiku kalembedwe ndi pensulo ndipo kalowe mkati mwa botolo, chifukwa cha kunja chimamatuka. Kachilombo kopanda kapepala, kaya nkosowa bwanji, kwa asayansi nkopanda ntchito.

Musagwire kapena kutola nyama popanda chilolezo, mayiko ambiri ali ndi malamulo ake makamaka mmalo otetezedwa, ndipo kutumiza zitsanzo za mitundu ina kunja kwa dziko kumayendera pangano la CITES lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1975. Zachitetezo nazo musazichepetse. Osapita nokha, wina adziwe komwe muli ndi nthawi yobwerera, nsapato zotseka, madzi okwanira, madzulo fufuzani nkhupakupa mthupi, mwala muziutembenuzira kwa inu kuti chomwe chili pansi chithawire kutsogolo, kenako muubwezeretse mmene unalili. Mileme ndi nyama zina zomwe zimatha kukhala ndi chiwewe musazikhudze opanda katemera ndi maphunziro ake.

Pa za khalidwe la nyama, chovuta ndi kulemba chomwe nyama yachita osati chomwe inu mukuganiza kuti ikumva. Osalemba kuti nyani wakwiya, lembani kuti waonetsa mano, wathamangira mnzake, mnzakeyo wathawa. Musanayambe kuwerengera mumapanga kaye ethogram, mndandanda wa machitidwe onse ndi tanthauzo lomveka la lililonse, kuti mnzanu akaona chomwecho alembe zofanana ndi inu. Niko Tinbergen mu 1963 anapereka mafunso anayi omwe mpaka pano amathandiza pa khalidwe lililonse: chimayambitsa ndi chiyani mthupi, chimakula bwanji nyamayo ikamakula, chimaithandiza chiyani kuti ipulumuke ndi kubereka, ndipo chinachokera kuti mmbiri ya mtunduwo. Mukasowa poyambira pa ese tengani anayi amenewa. Tinbergen, Konrad Lorenz ndi Karl von Frisch, yemwe anatulukira kuvina kwa njuchi polozera anzake komwe kuli maluwa, analandira limodzi mphoto ya Nobel mu 1973. Jane Goodall naye zomwe anaona ku Gombe ku Tanzania mu 1960, achimpanzi akukonza timitengo n'kumavuulira chiswe, zinabwera chifukwa chokhala phee n'kuyang'ana kwa nthawi yaitali.

Langizo lomwe ndingakakamire kwa aliyense ndi ili, sankhani gulu limodzi la nyama mulidziwe kuposa anzanu onse mkalasi, ndipo muyambe chaka choyamba chomwe. Kaya agulugufe, akangaude, achule, nkhono za mmadzi, nyerere, mbalame. Aliyense amathamangira nyama zikuluzikulu za ubweya ndipo kumeneko nkothinana, pomwe anthu odziwa kusiyanitsa mitundu ya tizilombo ndi ochepa ndipo amafunidwa. Tizilomboti tili paliponse, simufunika ndalama zoyendera kuti mutipeze, ndipo pa pulojekiti mutha kupeza mazana mu sabata imodzi pomwe wa akambuku atha chaka ataona awiri. Phunzirani kugwiritsa ntchito key, lija buku lomwe limakufunsani mafunso awiriawiri, mapiko alipo kapena palibe, mpaka mufike pa dzina. Gulani kalenzi kam'manja kokuza kakhumi. Zithunzi zanu muziika pa tsamba la pa intaneti la iNaturalist komwe anthu odziwa amathandiza kutsimikiza dzina, ndipo zotsimikizika bwino zimakalowa mu nkhokwe ya pa intaneti ya GBIF komwe ofufuza a dziko lonse amatengako deta. Koma musalole foni ikuganizireni, yambani mwayesa nokha ndi key kenako muone ngati mwagwirizana. Ngati yunivesite kapena mzinda womwe mukuphunzirako uli ndi myuziyamu yosunga nyama, pitani mukapemphe kuthandiza ngakhale kulemba timapepala, mudzaphunzira zambiri pogwira zitsanzo zenizeni.

Aphunzitsi anu ambiri ali ndi kafukufuku wawo ndipo amasowa manja. Werengani pepala limodzi lomwe analemba, muwalembere imelo yaifupi yaulemu yonena kuti mwawerenga chakuti, chakusangalatsani ndi chakuti, ndipo muli ndi nthawi yothandiza pa holide. Ena sayankha, musakhumudwe, yesani wina. Ntchito yoyamba idzakhala yotsuka mabotolo kapena kuwerenga tizilombo pansi pa maikulosikopu, ichiteni mosamala, chifukwa munthu ameneyo ndi amene adzakulembereni kalata yokuchitirani umboni mukamafuna ntchito kapena masters.

Kuwerenga mapepala a kafukufuku kumaopsa poyamba. Musayambire pamwamba mpaka pansi ngati nthano. Werengani chidule, pitani pa magirafu muone ngati mungawamvetse nokha, kenako njira zomwe anagwiritsa ntchito, zokambirana pomaliza. Google Scholar ikuthandizani kupeza, Zotero ikusungirani ndi kukukonzerani maumboni kwaulere. Polemba lipoti gawo la zotsatira lingonena zomwe mwapeza, maganizo anu adikire gawo la zokambirana, ndipo girafu iliyonse ikhale ndi mayina a mbali zonse ziwiri ndi muyeso wake. Kukopera ntchito ya wina kapena kupeka manambala kuti zotsatira zikongole kutha kukuchotsetsani sukulu, komanso kumaononga chinthu chokhacho chomwe wasayansi ali nacho, kukhulupirika.

Pulojekiti ya chaka chomaliza isankheni ndi mutu wozizira. Funso laling'ono lomveka bwino limaposa lalikulu losatheka. Mmene kusintha kwa nyengo kukukhudzira mbalame si pulojekiti ya miyezi ingapo, koma ngati mbalame za mtundu wakuti zimadya nthawi yaitali pamalo obisika kuposa poyera, imeneyo mutha kuimaliza. Onani nyengo, chifukwa achule ndi tizilombo tambiri sitioneka chaka chonse ndipo kalendala ya yunivesite siidikira nyama. Chilolezo cha komiti chimatenga nthawi, pemphani msanga. Yesani kaye njira yanu masiku ochepa musanayambe zenizeni, mpomwe mumazindikira kuti msampha sukugwira kapena fomu yanu ilibe malo olembapo china chofunika. Posankha supavaiza funsani omwe anadutsa mmanja mwake ngati amapezeka ndi kuyankha, wotchuka wosapezeka sakuthandizani. Ndipo zikatuluka kuti palibe kusiyana komwe mumayembekezera, simunalephere, lembani zomwezo mwachilungamo n'kufotokoza chifukwa chomwe chingakhalepo.

Za ntchito ndinene mosabisa, ntchito zoteteza nyama zakutchire ndi zochepa poyerekeza ndi ozifuna, zambiri ndi za makontirakiti afupiafupi, ndipo za kafukufuku kawirikawiri zimafuna masters kapena PhD. Koma zoology ndi yotakata kuposa pamenepo. Kuyambira pomwe Ronald Ross anapeza tizilombo ta malungo mmimba mwa udzudzu mu 1897, anthu odziwa udzudzu, nkhupakupa ndi nkhono zofalitsa matenda akhala ofunika pa zaumoyo. Kuli ntchito za usodzi ndi ulimi wa nsomba, zolimbana ndi tizilombo toononga mbewu, zounika mmene msewu kapena mgodi ungakhudzire chilengedwe usanamangidwe, za mmalabu, mmyuziyamu, uphunzitsi, kulemba nkhani za sayansi, ndipo ena amapita ku ntchito za deta chifukwa cha R yomwe ija. Nde zaka zanu za pa yunivesite muzitolera maluso oti mutha kuwatchula ndi dzina pa CV: kupanga mapu ndi QGIS yomwenso ndi yaulere, kuchita PCR, njira yochulukitsira DNA mu labu, kutchera makamera a mtchire n'kusanthula zithunzi zake, kuzindikira mitundu ya gulu lomwe munasankha lija, thandizo loyamba la ovulala, ndi laisensi yoyendetsera galimoto, yomwe ntchito zambiri zakutchire amaifunsa asanaone nkomwe magiredi anu. Chilichonse chomwe mwachita, ngakhale kuthandiza kwa masabata awiri, lembani tsiku, malo, njira yomwe munagwiritsa ntchito ndi dzina la amene amakuyang'anirani, chifukwa mafomu a masters ndi a ntchito amafunsa zimenezo ndendende.